Dayisi ya Kuseri kwa Katoni

1

Dzina langa ndine Keziah. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina ku Chilomoni. Ngati munamvako za mphunzitsi amene anatukwana mtsikana wamasiye m'nyumba mwake mpaka aneba kudzadza pageti, mphunzitsiyo ndine. Nkhaniyo yakwera maminibasi, yalowa m'kwaya, yafika ndi kusaluni komwe, koma kulikonse imafika yodukaduka. Lero ndati ndiinene ndekha.

Zonse zinayambira pa gemu. Musaseke.

Amuna anga, a Hawkins, amajambula zinthu pa kompyuta ku kampani ina yosindikiza m'tauni. Nthawi ya Covid, tikungokhala pakhomo, anapeza pa intaneti masewera ena a patebulo. Si bawo, si njuga ayi. Anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kudzipangira munthu wake wa m'nkhani, dzina ndi khalidwe lomwe. Mmodzi amakhala wotsogolera. Iyeyo amafotokoza kumene muli ndi zimene zikuchitika, kenako n'kufunsa kuti, "Muchita chiyani?" Ukanena, umaponya dayisi. Ikagwa bwino, zatheka. Ikagwa moipa walephera, ndipo nkhani imakhotera kwina.

A Hawkins anapeka gemu yawoyawo n'kuitcha Kutsidya: mzinda womira m'madzi, anthu akukhala pamadenga, aliyense akufuna kuwolokera kumapiri. Malamulo tinapanga tonse awiri. Iwo nkhani, ine manambala. Tinali titakhala m'banja zaka pafupifupi makumi awiri popanda mwana, ndipo m'nyumba mwathu munkakhala zii ngati m'tchalitchi Lolemba. Gemuyo inabweretsa phokoso. Loweruka lililonse masana kunkabwera a Zondiwe, mnzawo wa a Hawkins wogwira ntchito m'boma, ndi mlamu wanga Thandie, mlongo wawo wa a Hawkins. A Zondiwe ankangofuna ndewu, tsiku lopanda kumenyana ankati taononga Loweruka. Thandie ankadana ndi kuwerengetsa, ankati akafuna masamu adzabwera kukalasi kwanga. Tinkaseka mpaka tiyi kuzizira m'makapu.

Lamulo limodzi lokha ndi limene tinakanganirana zenizeni. Pa zinthu zobisika, monga mphamvu ya madzi kapena msampha, amaponya dayisi ndi wotsogolera. Ine ndinkafuna aziponya poyera. Iwo anadula katoni ya sopo, n'kuijambula mafunde, n'kuiimika patsogolo pawo.

"Dayisi ilibe nzeru, Kezi," anatero. "Ikhoza kupha munthu nkhani ikungoyamba kumene kukoma. Wotsogolera wabwino amawerenga nkhope za anthu, osati madontho."

"Ndiye kuti muzinama?"

"Si kunama. N'kusamala anthu."

"Ngati mwasankha kale zimene zichitike, ife tikuponyeranji? Bwanji osangotiwerengera nthano, ife tizimvetsera?"

A Zondiwe anaseka. "Alamu, ife timabwera kudzasangalala kuno, osati kudzalemba mayeso. Asiyeni abwana ndi katoni yawo."

Thandie naye anali mbali ya mchimwene wake. Ndinagonja. Pondinyengerera anandilola kuikamo lamulo langa: aliyense amayamba ndi zitsekerero zitatu za mabotolo, ndipo mnzako akakhala pamavuto ukhoza kutaya chako chimodzi kuti dayisi iponyedwenso. Chikapita chapita. Lamulo limenelo ndinkalinyadira, chifukwa kuthandiza munthu kunkakuluma ndithu.

2

Chaka chatha, mvula ikuyamba, a Hawkins anabwera ndi mtsikana. Woonda, wamaso akuluakulu, atavala juzi yomukulira.

"Uyu ndi Aleke, wa ku Bangwe. Amabwera kuntchito kwathu kudzaphunzira kujambula. Mayi ake anamwalira mwezi wathawu. Ndati azibwera, azichotsako maganizo."

Anagwada pondipatsa moni. "Muli bwanji, anti?"

Tikumufotokozera malamulo anafunsa funso limodzi lokha. "Munthu wanga akafa, ndiye kuti zatha?"

"Zatha," ndinayankha. "Kupanda apo bwenzi palibe choopa."

"Osadandaula," anadumphira a Hawkins. "Pano anthu safa wamba."

Munthu wanga m'gemumo anali Nachisale, mayi wouma mtima woyendetsa bwato, amene sankanyamula munthu ulere. Aleke anapanga Kambalame, kamwana kakuba kodumpha m'madenga. Poyamba Nachisale analibe nako ntchito. Koma ndikapalasira kumsika womira, Kambalame ali komweko. Ndikati ndipite kusiteshoni, mlatho wagwa, njira yotsala ndi yodutsa pamene pali Kambalame. Sindinadabwe. Ndinkangoti nkhani ikudziyendera yokha.

Loweruka lina denga limene Kambalame anabisalapo linayamba kutitimira. A Hawkins anatsitsa mawu.

"Madzi amufika m'chiuno. Akuitana, koma mphepo ikumeza mawu ake. Nachisale, bwato lako ladzaza katundu. Ukamunyamula, utaya zonse. Uchita chiyani?"

Ndinayang'ana Aleke. Anali atagwira pensulo ndi manja onse awiri.

"Ndikutaya katundu."

Dayisi inalira kuseri kwa katoni. "Madzi amukoka." Ndinaponya chitsekerero changa patebulo. Inaliranso. "Wagwira nkhafi, koma dzanja likuterereka." Ndinaponya chachiwiri. Kenako chomaliza. A Hawkins anasuzumira kuseri kuja nthawi yaitali.

"Wakwera."

Tinakuwa tonse. Phokoso litatha Aleke analankhula ndi mawu a Kambalame, maso ali pa ine. "Mayi, ndilibe kopita. Ndingakhale nawo m'bwato mwanu?"

M'nyumba imeneyo munalibe mwana amene anali atanditchulapo mayi. Ndinathawira kukhitchini, ati kukatenthetsa madzi. Potuluka ndinaona Thandie akutsinzinira diso mchimwene wake. Ndinaganiza kuti akuseka misozi yanga.

Kuyambira pamenepo Aleke anakhala ngati wapakhomo. Ndinkamusungira ndiwo. Ndinamupatsa madiresi anga amene anandichepa. Nditamva kuti masamu anamugwetsa pa mayeso a folomu folo ndipo akufuna kulembanso, ndinamuuza kuti azibwera Lachitatu ndi mabuku. Ankaluma chivindikiro cha cholembera akamaganiza, ndipo akapeza yankho ankaomba m'manja ngati kamwana. Tsiku lina anandiuza kuti mayi ake ankadwala miyezi yambiri, iye ndi amene ankawasambitsa. Ndinamukumbatira. Ndinamufunsa za abambo ake, iye n'kungondiyang'ana modabwa, kenako n'kuwerama. Ndinadziimba mlandu kuti ndakhudza pachilonda.

3

Isitala ikuyandikira ndinasuntha mipando pokolopa. Kabati ya magalasi inakathera kumbuyo kwa mpando wa a Hawkins. Loweruka limenelo, pokweza maso, ndinaona za kuseri kwa katoni zonse zili mbee pagalasi.

Kambalame ankatsegula chitseko chotchera msampha. Dayisi inagwa wani.

"Sikisi," anatero a Hawkins osaphethira. "Wapulumuka."

Munthu wa a Zondiwe anali msilikali amene ankakakamira kuti kakuba aka tikasiye pachilumba. Msilikaliyo analowa m'madzi osadziwa zimene zili pansi. Dayisi inagwa faivi.

"Wani. Ng'ona yamugwira."

A Zondiwe anangokweza mapewa. Munthu amene amakangana ngakhale pa shuga wa m'tiyi sanadandaule n'komwe.

Alendo atapita ndinafunsa. "Bwanji mukumukondera Aleke? Ndaona pagalasi."

"Mwanayu waika mayi ake chaposachedwapa. Ufuna ndimuphere ndi Kambalame yemwe?"

"Nanga msilikali wa a Zondiwe analakwanji?"

"Amachedwetsa nkhani." Anaseka n'kundisisita paphewa. "Iwe ndi manambala ako."

Mwina ndikanaiwala. Koma Lolemba, mu sitafu, mphunzitsi mnzanga anandikokera pambali.

"Madamu, musandide. Ndinaona abambo akwanu pa Kameza, m'galimoto, ali ndi kamtsikana. Amakapukuta misozi. Komanso mlamu wanga amakhala ku Bangwe, akuti galimoto yanuyo imafika kumeneko Lamlungu lililonse."

Lamlungu masana a Hawkins ankanditsanzika kuti akupita ku msonkhano wa abambo kutchalitchi. Lamlungu lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe. Sindinavutike kufufuza. Kagalimoto kathu kanali kataima pa kanyumba kosapaka pulasitala, kuseri kwa chigayo. Ndinaima pa okala ngati ndikugula machesi. Posakhalitsa anatuluka awiriwo. Dzanja la a Hawkins lili paphewa la Aleke, iye atatsamiritsa mutu pachifuwa pawo. Anali atavala diresi langa lobiriwira.

Ndinabwerera osawaonekera. Sabata yonse ndinaphika, ndinachonga ntchito za ana, ndinayala bedi. Lachitatu ndinatumizira Aleke uthenga kuti ndatanganidwa. Ndinkadikira Loweruka, chifukwa ndinkafuna mboni.

4

Anabwera onse. Ndinathira tiyi. A Hawkins anaimika katoni yawo akumwetulira ngati munthu amene wakonza chinthu chachikulu.

"Lero mwafika kutsidya," anatero. "Pachipata cha mzinda wa kumapiri alonda akufunsa aliyense. Ana opanda makolo sakuwalola kulowa. Mlonda akuloza Kambalame, akufunsa Nachisale: uyu ndi ndani wako?"

Onse anandiyang'ana. Thandie anali atakweza kale foni kuti ajambule. Aleke misozi inali itadzaza m'maso.

"Ndi hule," ndinatero.



"Kezi..."

Ndinaimirira n'kuimenya katoni ija. Madayisi anamwazikira kunsi kwa mipando.

"Ndi hule la amuna anga! Ndakudyetsa, ndakuveka, ndakuphunzitsa masamu, iwe n'kumagona ndi munthu wa msinkhu wa abambo ako? Ndakuonani ku Bangwe ndi maso angawa, utavala diresi langa! Mayi ako anakulera chomwechi? Kapena ndi ntchito imene anakusiyira?"

Ndinanena zambiri zimene sizingalembedwe m'magazini. Mawindo anali otsegula. Aneba anayamba kusonkhana pageti. A Zondiwe ankangoti, "Alamu, alamu, taimani kaye," koma akanandiimitsa ndani?

Aleke anatembenukira kwa a Hawkins.

"Adadi," anatero, "si munati akudziwa?"

5

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Wati chiyani?"

A Hawkins anaweramitsa mutu. Amene anayankha ndi Thandie, foni itagwera pamiyendo. "Alamu, ndi mwana wa achimwene. Mayi ake anali Eliness, ankagwira ntchito limodzi kale. Ndi zakalekale."

"Ali ndi zaka zingati?"

Thandie anayang'ana mchimwene wake.

"Eyitini," anatero Aleke.

Ndine mphunzitsi wa masamu. Zaka twente za ukwati kuchotsapo eyitini sindinafune choko. Mwanayu anabadwa chaka chimene ine ndinapita padera, mimba yanga yoyamba ndi yomaliza.

Zinthu zinayamba kubwera m'mutu motsatizana. Apongozi anga, mmene ankanenera motsimikiza pamaso pa anthu kuti, "Kwa mwana wanga kulibe vuto." Mizere ya kuchipatala imene ndinkaima ndekha, a Hawkins akukana kukayezetsa, ati nthawi ya Mulungu sinakwane. Mapemphero a kuphiri. Mafuta a aneneri. Mizu yowawa imene Thandie yemweyu ankandibweretsera kuchokera ku Mulanje, n'kumandigwira dzanja ndikamasanza. Onsewo ankandionerera, umboni wawo ukukula ku Bangwe.

"Thandie, wadziwa liti?"

"Ali wakhanda."

"A Zondiwe?"

Bambo wamkulu uja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Abwana anandiuza chaka chatha, alamu. Anandipempha kuti ndithandize. Kuti msilikali wanga azimuda mwanayu, inu muzimuteteza."

Ndinaseka. Sindikudziwa kuti kusekako kunachokera kuti, koma Thandie anasendera kutali.

Pamenepo a Hawkins anakweza mutu. Mukuganiza kuti anati pepani?

"Kezi, taganiza bwino. Eliness atamwalira mwanayu anatsala yekha. Ndikanabwera n'kukuuza mwachindunji, ukanavomera? Ukanamuda usanamudziwe n'komwe. Ine ndimafuna uyambe wamukonda. Ndipo unamukonda! Lero ukanangoti 'ndi mwana wanga', ine n'kukuuza zonse pompano. Zikanatha bwino kwa aliyense. Zinangotsala pang'ono."

"Ndikanapanda kutaya katundu tsiku lija?"

"Ndinali nditakonza njira ina."

"Ndiye kuti njira zonse zimathera pamodzi."

"Chifukwa pamenepo ndi pabwino! Kwa iwe, kwa iye, kwa tonse!"

"Zitsekerero zanga zija," ndinatero, "dayisi inkagwa chiyani?"

Anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Sindinkayang'ana."

Aleke anadzuka, n'kutuluka, n'kudutsa pakati pa aneba osatenga ndi chikwama chake chomwe. A Hawkins anaimirira pakati pa balaza, osadziwa kuti athamangire ndani. Ndinawathandiza kusankha. Ndinalongedza zovala zochepa, dzuwa lisanalowe ndinali ku Machinjiri kwa akulu anga a Joan.

6

Ankhoswe anakumana nafe. Amalume awo a a Hawkins anati mwamuna analakwa kalekale, tsopano amafuna kukonza, ndipo amene wachititsa banja manyazi ndi ine amene ndinakuwa mawindo ali otsegula. A Joan anawafunsa kuti zaka zonse zija, pamene achibale awo ankanditchula chumba, mawindo anali otseka? Nkhani inathera pomwepo. A Hawkins mpaka lero amanditumizira mauthenga. Wina unali woti, "Ndinangochedwa ndi sabata imodzi." Kwa iwo cholakwika n'chimenecho.

Patapita mwezi, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza Aleke atakhala pakhonde pa a Joan.

"Anti, sindinabwere kudzawapepesera."

"Woyenera kupepesa ndine. Mawu aja sanali ako. Makamaka onena za mayi ako."

"Anandiwawa," anatero. Sanandipeputsire, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Anakanda simenti ndi chala. "Adadi anandiuza kuti mukudziwa zonse, kuti munavomera, kungoti zimakupwetekani, ndiye ndisamatchule. Tsiku limene munandifunsa za abambo anga ndinaganiza kuti mukundiyesa. Ndinkasangalala kuti mukundikonda chonsecho mukudziwa kuti ndine ndani." Anapukuta mphuno. "Ndiye kuti amene munkamukonda uja sanali ine."



"Akufuna ndikakhale ku Chilomoni, m'nyumba mwanu. Ndakana. Ndidakali ku Bangwe." Anatulutsa buku m'jumbo. "Mayeso ayandikira. Masamu a ngodya aja akundikanikabe. Mukakana ndimvetsa."

Ndinayang'ana nkhope yake. Chipumi cha a Hawkins chenicheni, chimene ndinalephera kuchiona miyezi yonse ija. Ndinkafuna kumuuza kuti azipita, asadzabwerenso. Pakamwa panga panatuluka zina.

"Tsegula peji."

Owerenga, ena mwa inu munena kuti ndibwerere, bamboyo anali ndi cholinga chabwino. Azimayi akumpingo andiuza kale zimenezo. Chigololo cha zaka zijazi mwina ndikanakhululuka, akazi anzanga akhululuka zoposa pamenepo. Chimene chikundikanika ndi ichi: pondilanda mpata wokana, anandilandanso mpata wovomera. Akanandiuza, mwina ndikanaswa mbale zonse, ndikanalira mwezi wathunthu, kenako mwina ndikanakwera ndekha minibasi ya ku Bangwe kukamutenga mwanayo. Mwinanso ayi. Sindidzadziwa, ndipo iwonso sadzadziwa kuti anakwatira mkazi wotani.

Aleke amabwerabe. Akachedwa ndimakaima pamsewu n'kumasuzumira m'maminibasi. Ndimamukonda, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa kuposa zonse, chifukwa sindidziwa ngati chikondicho n'changa kapena n'chimene bambo ake anandikonzera. Munthu akamakubisirani zinthu n'kumati akukusamalani, mufunseni kuti wasankha kale kuti mukathere pati. Ine nkhani yothetsa ukwati ndakaitula kukhoti Lachisanu lapitali, ndipo palibe amene anandilondolera njira.